Gitala yamagetsi ikasokonekera mawu, yambani mwaona mapikapu

Pafupifupi Loweruka lililonse pamafika mnyamata pakhomo panga kuno ku Highfield mumzinda wa Harare, gitala ili kumsana, dandaulo lake lomwelija: "Amalume, gitala yanga yasiya kuchunika," kapena "mawu ake akumveka ngati akutuluka m'chigubu." Ena amachokera ku Mufakose, ena ku Mabvuku ndi ku Dzivarasekwa, ambiri ndi oimba m'makwaya a kutchalitchi ndi m'timagulu ta sungura. Ndikaiyang'ana gitalayo, nthawi zambiri ndimapeza kuti wina anatenga sikuludilaiva n'kukweza mapikapu mpaka kutsala pang'ono kukhudza nsambo, poganiza kuti akuwonjezera mphamvu. Mawu amakweradi. Koma gitala imataya kukoma kwake, ndipo mwini wake amawononga ndalama kugula nsambo zatsopano, kebulo yatsopano, mwinanso pikapu yatsopano, chonsecho vuto linali pa masikuluwu awiri okha.

Pikapu ndi maginito okulungidwa ndi kawaya kakopa kopyapyala ngati tsitsi. Pa Stratocaster, gitala yotchuka ya kampani ya Fender, kawayako kamazungulira maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa maginitowo, m'kawayamo mumabadwa timagetsi tomwe ampu imatikuza. Ndiye kuti pikapu ikayandikira nsambo, timagetsito timachuluka. Koma maginito omwewo amakokanso nsambo, ndipo nsambo yokokedwa siyenda mwaufulu. Mavuto ambiri amene ali m'munsimu akuchokera pa kukokana kumeneku.

## Musanagwire sikuludilaiva

Konzani izi:

- sikuludilaiva yokwana bwino pamutu wa sikuluwu, osati mpeni wa kukhitchini
- rula yachitsulo yokhala ndi mamilimita, yoyambira kumapeto kwenikweni
- tuner, kachipangizo koonetsa ngati nsambo yachunika
- pepala ndi cholembera
- kansalu koyala pagitala kuti sikuludilaiva ikaterereka isakale penti

Ngati mulibe rula yabwino, makiyi a Allen a 1.5, 2 ndi 2.5 mm amagwira ntchito. Ikani kiyi pamwamba pa maginito, muone ngati ikulowa pansi pa nsambo.

Kuyeza kwake ndi kotere. Chunani gitala, muigwire mmene mumaigwirira poimba. Dinani nsambo yonenepa ya E pa fureti yomaliza (mafureti ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala, yomaliza ndi yoyandikira mapikapu), muyeze mpata kuchokera pansi pa nsambo kufika pamwamba pa maginito. Chitaninso chimodzimodzi ndi nsambo yopyapyala ya E. Mukayeza osadina fureti yomaliza, nambala imene mupeze ndi yabodza, chifukwa poimba nsambo imatsika. Lembani manambala a pikapu iliyonse musanasinthe kanthu, kuti zikavuta mukhale ndi pobwerera.

Dziwaninso mbali yozungulira. Pikapu ikakhala yolendewera pa pulasitiki ya pamwamba, monga pa Stratocaster, kapena mu lingi yake yoizungulira, monga pa gitala ya Les Paul, kumangitsa sikuluwu kumaikweza ndipo kumasula kumaitsitsa. Ikakhala yomangidwa m'thabwa mwenimweni, monga pikapu ya mtundu wa P-90, ya pa gitala ya Jazzmaster ndi ya pa mabesi ambiri, zimatembenuka: kumangitsa ndiye kutsitsa. Zunguzani theka lokha, muimbe, mumvetsere, kenako muwonjezere.

## Poyambira

Fender imapereka miyeso iyi pa magitala ake, fureti yomaliza itadinidwa:

- single coil (pikapu ya mkulungo umodzi wa kawaya, wotchedwa coil) wamba: 2 mm ku nsambo zonenepa, 1.6 mm ku zopyapyala
- single coil za mtundu wakale: 2.4 mm ndi 2 mm
- humbucker (pikapu ya ma coil awiri): 1.6 mm mbali zonse

Pa gitala ya mapikapu awiri a humbucker ine ndimayambira pa 1.6 mm pa pikapu ya ku bridge (chitsulo chimene nsambo zimakhalapo pathupi la gitala) ndi 2.4 mm pa ya ku khosi. Pa besi ndimayambira pa 3 mm ku nsambo yonenepa ndi 2 mm ku yopyapyala. Manambalawa si lamulo. Magitala ambiri amene tili nawo kuno ndi ofanizira, maginito ake ndi osiyana ndi a eni ake a dzinalo, choncho khutu ndi limene limalize.

## Mawu akugwedera, tuner siikukhazikika

Mukadina nsambo zonenepa kuyambira fureti ya 12 kupita chakumimba kwa gitala, noti imamveka ngati mawu awiri akulimbana, wawawawa, ndipo kasingano ka tuner kamangoyendayenda. Noti imafanso msanga. Okonza magitala amalitcha vutoli Stratitis chifukwa limakonda Stratocaster, imene ili ndi mapikapu atatu ndipo tizitsulo tonse timene mumationa pansi pa nsambo ndi maginito enieni a alnico.

Kwa oimba sungura iyi ndi nkhani yaikulu. Gitala ya sungura imalira mosadetsedwa ndi distortion, zala zimathamanga pa mafureti a kumtunda, ndipo noti iliyonse imayenera kumveka payokha. Amene munakula mukumvera Khiama Boys ya a Nicholas Zakaria kapena Orchestra Mberikwazvo ya a Alick Macheso mukudziwa kuti m'nyimbo zotere mulibe pobisala. Woimba rock akhoza kuphimba kugwederako ndi pedo, kachipangizo koponda ndi phazi kosintha mawu. Inu simungathe.

Zoyambitsa, kuyamba ndi yofala kwambiri:

1. Pikapu ya kukhosi yakwera kwambiri ku mbali ya nsambo zonenepa. Pamalo amenewa nsambo imagwedezeka motambalala, ndipo yonenepa ili ndi chitsulo chambiri chokokedwa. Tsitsani mbaliyo pozunguza sikuluwu theka, muimbenso noti yomwe ija. Pitirizani mpaka kugwedera kutha. Nthawi zina mumafika 3 mm kapena kupitirira, ndipo palibe cholakwika.
2. Mapikapu onse atatu akukoka pamodzi. Maginito sazima mukasintha switch yosankhira mapikapu. Pikapu imene simukuigwiritsa ntchito ikukokabe nsambo. Tsitsani onse pansi, muone ngati vuto latha, kenako muwakweze imodzi imodzi.
3. Nsambo yatha kapena yapindika. Yendetsani chala pansi pake. Mukamva timabowo kapena dzimbiri, sinthani.
4. Intonation, kutanthauza kulondola kwa manoti pa mafureti onse, inakonzedwa mapikapu ali pamwamba. Imeneyi imanyenga ambiri. Munthu amakankha saddle, kachitsulo kotsamirapo nsambo pa bridge, mpaka kumapeto koma fureti ya 12 osalondola, chifukwa maginito akunamiza tuner. Tsitsani mapikapu, konzani intonation, akwezeni pang'ono, muyesenso.

Mukatsitsa mawu amachepa, ndipo apa ndi pamene anyamata ambiri amabwerera m'mbuyo. Musabwerere. Voliyumu ili pa ampu, ndipo ndi ntchito yake imeneyo. Chimene maginito akuba pa nsambo palibe ampu imene ingachibweze.

## Mawu ndi ofooka, opyapyala

1. Pikapu yatsika kwambiri. Yezani. Ikapitirira 4 mm, ikwezeni pang'onopang'ono kufika pa miyeso ya pamwambayi.
2. Mwaika nsambo za gitala ya bokosi. Nsambo zimadula, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake munthu amaika zimene wazipeza. Koma nsambo zokulungidwa ndi bronze sizimvana ndi maginito, chifukwa ndi kawaya ka pakati kokha kamene kali kachitsulo. Zonenepa zimamveka chapansipansi pamene zopyapyala zikukuwa. Kukweza pikapu sikungathandize. Gulani za nickel kapena steel.
3. Batire yatha. Mapikapu a active monga a EMG amadya batire ya 9V, ndipo imapitiriza kutha kebulo ikasiyidwa mu jaki usiku wonse. Maginito a mapikapu amenewa ndi ofatsa, choncho mukhoza kuwayandikitsa kuposa enawa, bola nsambo isagunde.
4. Switch kapena jaki yachita dzimbiri. Gwedezani switch ampu ili yoyaka. Mawu akamabwera n'kupita, vuto lili pamenepo.
5. Mawaya anatembenuzidwa. Ngati pikapu iliyonse payokha ikumveka bwino koma mukaphatikiza awiri mawu akuonda ngati a kawailesi kakang'ono, wina analumikiza imodzi chozondoka. Izi si za sikuludilaiva, n'zofunika kuwotcherera.

## Nsambo ina ikulira kuposa zinzake

Ngati mbali yonse ya nsambo zonenepa ikuphimba zopyapyala, pikapu yanu ili yowongoka mopitirira. Iyenera kupendekeka pang'ono, kutsika ku zonenepa, kukwera ku zopyapyala. Kusiyana kwa theka la milimita kumakwana nthawi zambiri. Imbani nsambo imodzi imodzi ndi mphamvu yofanana, ampu yopanda effect iliyonse, mnzanu aime chapatali amvetsere. Khutu la woimba limakondera.

Ikakhala nsambo imodzi yokha, kawirikawiri imakhala ya G. Stratocaster inatuluka mu 1954, nthawi imene nsambo ya G inali yokulungidwa ndipo inkalira motsika, choncho maginito a pansi pake anawapanga atali. Masiku ano G yathu ndi yosakulungidwa ndipo imalira kwambiri, koma mapikapu ambiri akadali ndi maginito atali aja.

- Pa humbucker ndi P-90, tizitsulo tokhala ndi mutu wa sikuluwu timazungulira. Tsitsani ka pansi pa G, kwezani pang'ono ka pansi pa D ngati D ikubisala.
- Pa single coil, musakankhe maginito ndi chala kapena kuwamenya. Pa mapikapu ambiri a mtundu wa Fender kawaya kakopa kaja kamakulungidwa pa maginito penipeni. Mukasuntha amodzi, kawaya kamaduka mkati, pikapu yafa. Ndaona mapikapu abwino akutayika motere. Tsitsani pikapu yonse pang'ono, kusiyanako kumachepa.

Onaninso ngati nsambo zonse zili za paketi imodzi. Gitala yovala nsambo zogula imodzi imodzi, ina ya chaka chatha ina ya dzulo, singalire mofanana ngakhale mutayeza bwanji.

## Mukasintha switch, voliyumu imalumpha

Pafupifupi nthawi zonse ndi pikapu ya kukhosi imene imameza ya ku bridge. Konzani ya ku bridge poyamba mpaka ikukomereni, kenako tsitsani ya kukhosi mpaka zifanane. Musakweze yofooka kuti ipeze yamphamvu. Ya pakati ikamakusokonezani pokhwatcha, itsitseni ndithu. Ambiri amatero, ngakhale kuti mawu a malo achiwiri ndi achinayi pa switch amasinthako.

## Pikapu yapendekeka kapena ikugwedezeka

Tisiyanitse kaye kupendekeka kutatu, chifukwa anthu amakusakaniza.

Koyamba ndi kwa pikapu ya ku bridge ya Stratocaster ndi Telecaster, imene mukaiyang'ana kutsogolo imaoneka yopingasa. Anaipanga choncho dala, kuti nsambo zopyapyala zimveke chakuthwa pafupi ndi bridge pamene zonenepa zikhale ndi thupi. Mnyamata wina wa ku Tafara anandibweretsera gitala kuti ndiiwongole pikapu imeneyi. Palibe chowongola pamenepo.

Kwachiwiri ndi kuja tanena kale, kutsika mbali imodzi kukwera inayo. Kumeneko n'kofunika.

Kwachitatu ndiye vuto lenileni. Yang'anani gitala cha m'mbali, diso lili pa mzere wa nsambo. Nkhope ya pikapu iyenera kuyenda limodzi ndi nsambo. Pa humbucker yopendekera kutsogolo kapena kumbuyo, coil imodzi imayandikira nsambo inayo n'kutalikira, ndipo mawu amasiya kukhala amene pikapuyo inapangidwira. Humbucker yambiri imalendewera pa masikuluwu awiri okha, ndiye imapendama mosavuta.

1. Masipuling'i atopa. Dinani pikapu ndi chala. Ikamagwedera ngati dzino lofuna kuzuka, masipuling'i alibe mphamvu. Achotseni, muwakoke pang'ono kuti atalike, kapena ikani atsopano. Magitala ena ali ndi timachubu ta labala m'malo mwa masipuling'i, ndipo timauma n'kusweka ndi zaka. Kachubu katsopano kodulidwa utali womwewo kamagwira bwino.
2. Waya wa pikapu ukuikoka kapena kuikankha pansi pake. Masulani nsambo, tulutsani pikapu mosamala, muugoneke wayawo bwino m'dzenje kuti usakhale wokungika.
3. Lingi inaikidwa chotembenuka. Pa Les Paul ndi magitala ofanana nayo khosi limalowa m'thupi mopendekera, ndipo malingi ndi otsetsereka, mbali ina yokhuthala ina yopyapyala. Yopyapyala iyang'ane kukhosi. Lingi yaitali ndi ya ku bridge, yaifupi ndi ya kukhosi. Gitala imene inapentedwanso kapena kumasulidwa ndi munthu wina, yambani mwaona izi.
4. Mwendo wa pikapu wapindika. Timiyendo tachitsulo tolowa masikuluwu timapindika gitala ikagwa. Mukhoza kukawongola pang'ono ndi pulayala, kamodzi kokha. Mukabwereza kamathyoka.

Mankhwala amene ndimakhulupirira kwambiri ndi siponji. Dulani kachidutswa ka siponji yolimba, monga ya mouse pad yakale, muike pansi pa pikapu ku mbali imene ikugwa. Siponji ya matiresi ndi yofewa, imaphwa pakatha miyezi yochepa. Musadzazenso dzenje lonse, apo ayi sikuluwu idzakanika kutsitsa pikapu.

Pikapu ya ku bridge ya Telecaster ili ndi masikuluwu atatu, choncho kupendekeka kwake mumakukonza ndi sikuludilaiva basi. P-90 ya makutu, yomangidwa pamwamba pa thupi, ilibe sikuluwu yokwezera. Imakwera poika kapulasitiki kapena kathabwa kopyapyala pansi pake.

## Nsambo ikugunda pikapu

Mumamva thi, thi mu ampu mukakhwatcha mwamphamvu, kapena noti imafa pa mafureti omaliza. Oimba besi amene amamenya ndi chala chachikulu amakumana nazo kwambiri.

Choyamba, pikapu yakwera, itsitseni. Koma ngati simunaigwire ndipo mwezi watha zinali bwino, n'kutheka kuti khosi ndi limene lasuntha. Kuno ku Harare mpweya umauma kwambiri kuyambira m'nyengo yozizira mpaka October, kenako mvula ikayamba mu November chinyezi chimabwera. Thabwa limamva zimenezi, khosi limapindika kapena kuwongoka pang'ono, nsambo n'kutsika kapena kukwera. Gitala yosiyidwa m'galimoto yotseka masana a October ndiye imavutika koposa. Dinani nsambo yonenepa pa fureti yoyamba ndi yomaliza nthawi imodzi, muyang'ane cha pa fureti ya 8. Payenera kutsala kampata kochepa kwambiri, kolowa kakhadi kopyapyala. Ngati nsambo yagona pa fureti, kapena mpata ndi waukulu, vuto lili pa khosi, ndipo kusintha pikapu kungobisa matenda. Dongosolo lake ndi ili: khosi, kutalika kwa nsambo pa bridge, kenako mapikapu.

## Sikuluwu ikungozungulira

1. Mwamasula mpaka yatuluka. Pikapu yagwera mkati, sipuling'i yathawa. Masulani nsambo, tsegulani, mubwezeretse. Funani sipuling'iyo mpaka muipeze, chifukwa ikatsalira mkati imatha kukhudza mawaya n'kuzimitsa mawu pakati pa nyimbo.
2. Sikuluwu si yake. Mapikapu a ku America amagwiritsa ntchito mazinga a mainchi, pamene ambiri a ku Asia ndi a mamilimita. Zimaoneka zofanana koma sizilowana, ndipo mukakakamiza mumadya mazinga a pikapu. Popita kukasaka ina ku Siyaso ku Mbare kapena m'tauni, nyamulani yakaleyo.
3. Bowo la m'thabwa lakula. Ikani timitengo ta machesi ndi kaguluu ka matabwa, dikirani kuti kaume, mumangenso.

## Phokoso la mmm ndi mluzu

Single coil imatola phokoso la magetsi a m'nyumba, amene kuno ndi a 50 Hz. Ndicho chifukwa chake Seth Lover anapangira kampani ya Gibson humbucker, imene imathetsa phokosoli, m'zaka za m'ma 1950. Kutalika kwa pikapu sikuchotsa phokosoli, kungoti pikapu ikatsika kwambiri mumakweza ampu ndipo phokoso limakwera nalo. Yesani kebulo ina, talikirani ma charger ndi ma inverter, tembenukani ndi gitala mpaka mupeze mbali yachete. Magetsi akazima n'kuyatsa jenereta, phokoso limakonda kuwonjezeka.

Mluzu wakuthwa wosamva ngakhale mutagwira nsambo zonse umachokera pa chinthu chomasuka: sipuling'i, chivundikiro cha pikapu, kapena mawaya a mkati mwa coil. Siponji pansi pake imathandiza pa ziwiri zoyambazo. Onaninso tizidutswa tachitsulo tomata pa maginito, makamaka ngati wina anapukuta mafureti ndi steel wool. Tichotseni ndi selotepi, osati burashi.

## Apa imani, pitani kwa mmisiri

- Mukumva magetsi kukugwirani pa nsambo, kapena pamlomo mukayandikira maikolofoni. Zimitsani zonse nthawi yomweyo. Nsambo za gitala zimalumikizana ndi ampu kudzera pa bridge, ndiye ngati ampu kapena soketi ilibe earth, magetsiwo adutsa mwa inu. Itanani wa zamagetsi aone ampu, adaputa ndi jenereta. Musaimbe mpaka atakonza, ngakhale mapemphero atayamba kale.
- Mukufuna kutsegula ampu. Ya ma valve imasunga mavoti mazanamazana ngakhale itazulidwa kukhoma.
- Truss rod, chitsulo cha mkati mwa khosi chowongolera khosilo, yalimba, siikuzungulira. Musakakamize. Ikathyoka, khosi lonse lapita.
- Pikapu ili zii. Mmisiri aiyeze ndi mita. Single coil ya Stratocaster imaonetsa pafupifupi 6k ohms, humbucker wamba 7k mpaka 9k, zina kupitirira. Mita ikapanda kuonetsa kanthu, kawaya kaduka, ndipo pafunika kukulunganso kapena kugula ina.
- Mukuona kawaya kakopa kali poyera. Musakakhudze, musakamate selotepi, chifukwa pomatula kamaduka.
- Mluzu ukuchokera mkati mwa coil. Pikapu imafunika kuviikidwa mu sera yosungunula pa moto woyezedwa bwino. Sera imayaka, ndipo ikatentha kwambiri imasungunula pulasitiki ya pikapu.
- Pikapu singatsike mokwanira chifukwa dzenje ndi losaya. Kusema thabwa la gitala ndi ntchito ya munthu wa zida zake.

Popita kwa mmisiri tengani gitala ili ndi nsambo zimene mumaimbira, kebulo yanu, ndi pepala lija munalembapo manambala oyamba. Muuzeni nyimbo zimene mumaimba, fureti imene vuto limayambira, ndi malo a switch pamene limamveka kwambiri, ndipo ngati ampu yanu ndi yonyamulika, ipite nawo.